Mawu a m'mapepala akale a boma ku Tete: lililonse mulifunse chaka chake

Funso la lero lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Akuti: "Ndikufuna kulemba mbiri ya tauni yathu ndi ya kayendetsedwe ka boma kale kuti ana a sukulu aziwerenga. Ine sukulu ndinayambira ku Dedza pamene tinali kothawa nkhondo, choncho Chipwitikizi cha masiku ano ndimachimva, koma cha m'mapepala akale chimandizunguza mutu. M'sutikesi ya malemu agogo ndapezamo kabuku kolembedwa caderneta indígena ndi timapepala ta msonkho, ndipo m'mabuku ndikukumana ndi mawu monga circunscrição, câmara, prazo, fumo ndi mussoco. Ndi mawu ati amene ndiyenera kuwadziwa, nanga ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, ndipo mwachita bwino koposa kusunga kabukuko. Ambiri anasonkhera moto timabuku totere, ena tinawawolera pothawa nkhondo. Musakamatize pulasitiki kapena selotepi. Kajambuleni ndi foni tsamba lililonse, kenako mukaike mu envulopu pamalo pouma.

Mawu ndikupatsani, koma mndandanda wokha ungakusokeretseni. Vuto lalikulu la mapepala a ku Tete si mawu achilendo, chifukwa liwu lachilendo munthu amaima n'kufunsa. Ovuta ndi mawu amene mukuganiza kuti mukuwadziwa kale, pamene pa nthawi imene ankalembedwa ankatanthauza china. Chitsanzo chapafupi ndi distrito. Lero tikati distrito tikunena Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde. Koma mukaona pepala la 1955 lolembedwa Distrito de Tete, likunena chigawo chonse, kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara, ndipo mkulu wake anali governador do distrito. Liwu loti província nalo, kuyambira 1951, linkanena Mozambique yense, poti Apwitikizi ankati dziko lathu ndi chigawo chabe cha Portugal cha kutsidya kwa nyanja. Titalandira ufulu mu 1975 mayinawa anatsika sitepe imodzi: ma distrito akale anasanduka ma província, ndipo madera ang'onoang'ono a pansi pawo ndiwo anatenga dzina la distrito. Ngakhale dzina loti Zambézia likhoza kukupusitsani. Linaikidwa mu 1858 kutchula dera lonse la chigwa cha Zambezi, Tete ali momwemo, m'malo mwa dzina lakale loti Rios de Sena. Ndiye musataye buku lakale chifukwa choti pachikuto palembedwa Zambézia, mwina nkhani ya kwanu ili momwemo.

Tiyambire kutali, ku mzinda wa Tete weniweniwo, umene anthu ake amautcha Nyungwe. Apwitikizi anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1530, pamalo pamene amalonda ena ankachitapo kale malonda a golide ndi minyanga. Kwa zaka zoposa 200 malowa ankalamulidwa kuchokera ku Goa, ku India, mpaka mu 1752 pamene Mozambique anapatsidwa bwanamkubwa wakewake. Mu 1761 mfumu ya ku Portugal inalamula kuti malo ngati Tete, Sena, Quelimane ndi Zumbo akwezedwe kukhala vila. Liwuli ndi lofunika kwambiri pa ntchito yanu. Vila sikunali kukula kwa malo kapena kuchuluka kwa nyumba. Unali udindo wa palamulo, kutanthauza kuti malowo ali ndi ufulu wokhala ndi câmara, khonsolo yoyang'anira tauni. M'mapepala akale mudzaona Senado da Câmara, ndipo m'menemo munkakhala juiz ordinário woweruza milandu, ma vereador amene lero tingati makhansala, procurador woyang'anira chuma ndi zofuna za khonsolo, ndi escrivão, mlembi. Malamulo ang'onoang'ono amene khonsolo inkakhazikitsa, okhudza misika, miyeso, ziweto zoyendayenda ndi ukhondo wa m'misewu, ankatchedwa posturas. Pelourinho chinali chipilala choimikidwa pabwalo kusonyeza mphamvu ya khonsolo, ndipo pomwepo ankalangirapo anthu poyera.

Apa ndipamene ndikufuna muchenjere polembera ana. Mukangomasulira câmara kuti khonsolo ya mzinda, mwana adzaganiza za khonsolo ya lero imene makolo ake amaivotera. Câmara yakale inali ya anthu otchedwa moradores. Liwuli lero limangotanthauza anthu okhala pamalo, koma kalelo linkanena kagulu kochepa ka Apwitikizi, anthu ochokera ku Goa ndi ana awo obadwira kuno, amene anali ndi malo ndi akapolo. David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 anapeza kuti Apwitikizi osakhala asilikali sankakwana 20, pamene anthu akuda a m'taunimo ndi m'mphepete mwake anali masauzande. Ndiye pepala likati moradores a ku Tete apempha chakuti, musalembe kuti anthu a ku Tete anapempha. Osenza katundu, opalasa ngalawa, osula zitsulo, amayi otunga madzi ku Zambezi, onsewa anali eni tauni m'moyo weniweni, koma m'mabuku a khonsolo amangotchulidwa pakakhala mlandu kapena msonkho. Tete anadzakwezedwa kuchoka pa vila kukhala cidade pa 21 Malichi 1959, n'chifukwa chake mzindawu umachita chikondwerero pa tsiku limeneli chaka chilichonse.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ngakhale Chichewa chathuchi chili ndi msampha womwewo. Lero timati mzinda wa Tete, mzinda wa Beira. Koma agogo akanena kuti uje anali mwini mzinda, sakunena za nyumba zosanja. Mzinda unali mudzi wa mfumu yopatsidwa mphamvu yokhala ndi dambwe la nyau ndi kuvinira anamwali. Alendo akale amene analemba za Amaravi anamva liwuli n'kulilemba muzinda, kutanthauza likulu la mfumu. Mukamafunsa achikulire, mvetsetsani mzinda umene akunena.

Tsopano prazo. Kunja kwa ma vila, dziko la m'chigwa cha Zambezi linagawidwa m'malo akuluakulu otchedwa prazos da Coroa. Mfumu ya ku Portugal inkabwereketsa malowo kwa banja kwa mibadwo itatu, ndipo lamulo linkafuna kuti azidutsira kwa ana aakazi, n'chifukwa chake mudzakumana ndi amayi amphamvu otchedwa donas. Lendi imene mwini prazo ankapereka ku boma inali foro, ndipo nyumba yake yaikulu inali luane. Mapepala a nthawi imeneyi ndi amene ineyo ndimawakonda kuwerenga, chifukwa pansi pa Chipwitikizicho mumamveka zilankhulo zathu. Njira yake ndi yosavuta: liwu likakukanikani, liwerengeni mokweza ngati mmene Mpwitikizi akanalitchulira, kenako mumvetsere ndi khutu la kumudzi. Iwo ankalemba nh pamene ife timalemba ny, ankalemba c kapena qu pamene ife timalemba k, u m'malo mwa w, r m'malo mwa l, ndipo m woyambirira nthawi zambiri ankamumeza kapena kumuwonjezera u. Mukatero fumo akusanduka mfumu, inhacuaua ndi nyakwawa, mussoco ndi msonkho, milando ndi milandu, aringa ndi linga, Cheuas ndi Achewa, ndipo mtsinje wa Aruângua ndi Luangwa yemweyo. Mwana wa ku Angónia amatulukira mawuwa msanga kuposa wophunzira wa ku Lisbon, ndipo ndi bwino ana anu adziwe kuti chilankhulo chawo ndi kiyi wotsegulira mbiri imeneyi.

Koma kutulukira liwu si kutha kwa ntchito. Msonkho wa kwa makolo unali mtulo wopita kwa mwini dziko: mapira, nkhuku, nyama ya m'tchire, ndi mnyanga wa njovu umene wagunda pansi. Eni ma prazo anatenga mwambo womwewo n'kudziika okha pamalo pa mwini dziko. Pofika 1890, malamulo atsopano a ma prazo anati mussoco uziwerengedwa m'ndalama pa munthu aliyense, ndipo theka lake lizilipidwa ndi ntchito. Liwu ndi limodzi, koma zinthu zake ndi zitatu zosiyana, ndipo lachitatulo ndi limene linatsegula khomo la ntchito yokakamiza pamene makampani, monga Companhia da Zambézia imene inakhazikitsidwa mu 1892, anatenga ma prazo ambiri a ku Tete. Dongosolo la ma prazo linadzathetsedwa cha m'ma 1930.

Mawu ena awiri a nthawi imeneyi amagwetsa ngakhale anthu ophunzira. Colono m'mapepala a ma prazo ndi munthu wakuda waufulu, wosakhala kapolo, wokhala pamalo a prazo pansi pa mfumu yake. M'mapepala a zaka za m'ma 1950 colono ndi mzungu wobwera kudzalima. Mukasokoneza awiriwa mudzalemba kuti azungu ankapereka mtulo wa mapira. Winayo ndi muzungo. M'chigwa cha Zambezi liwuli linkanena aliyense wokhala moyo wa Chipwitikizi, wobatizidwa, wa dzina la Chipwitikizi, ngakhale khungu lake likhale lakuda bii. Banja la da Cruz, limene linamanga linga lotchuka la Massangano pafupi ndi pamene Luenha amathira mu Zambezi, linali la amuzungo otere. Mtsogoleri wawo Bonga anagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo lingalo linadzagweratu mu 1888. Kufupi ndi kwanu, banja la Pereira linalamulira Macanga mpaka 1902. Mphamvu ya mabanjawa inali achikunda, asilikali amene poyamba anali akapolo a pa prazo, ndipo kenako anadzakhala mtundu wokhala ndi chilankhulo chake, chimene chikulankhulidwabe cha ku Zumbo. Dzina la udindo loti capitão-mor boma linkalipereka kwa anthu amphamvu ngati amenewa, kawirikawiri pongovomereza mphamvu imene anali nayo kale. Onjezanipo feira, msika wokhazikika wa malonda akutali ngati wa ku Zumbo, ndi bar, msasa wokumbirapo golide, umene unali wofala kumpoto kwa Zambezi m'dziko la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa. Golideyo ankamuyeza ndi muyeso wotchedwa metical, ndipo ndi kumene ndalama yathu, imene inalowa m'malo mwa escudo mu 1980, inatenga dzina.

Kwanu ku Angónia nkhani ya ma prazo inafika mochedwa. Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo pangano la malire la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linadula dziko lawo pakati, ena n'kukhala mbali ya Ntcheu ndi Dedza, ena mbali ino. Ndiye kwa inu mawu monga inkosi, nduna ndi nyakwawa ayenera kukhala m'kope lanu limodzi ndi a Chipwitikizi. Kumbukiraninso kuti pofufuza mapepala a nthawi ya atsamunda dzina loti Ulónguè lokha silikwanira, muzifufuzanso Vila Coutinho, dzina la tauniyi pa nthawi imeneyo.

Kabuku ka agogo anu kakuchokera m'nthawi yotsatira, imene maziko ake ndi lamulo la 1933 lotchedwa Reforma Administrativa Ultramarina. Lamuloli linagawa dera lililonse potengera mtundu wa anthu okhalamo. Kumene kunali azungu ndi ena otchedwa otukuka okwanira kunkakhala concelho, yokhala ndi câmara municipal kapena kabungwe kocheperapo. Kumene kunali anthu akuda okhaokha kapena pafupifupi okhaokha kunkakhala circunscrição, ndipo kumeneko kunalibe khonsolo: administrador yekha anali bwanamkubwa, woweruza, mkulu wa apolisi, wokhometsa msonkho ndi wolemba anthu ntchito. Angónia, Macanga, Marávia ndi Zumbo kwa zaka zambiri anali ma circunscrição. Pansi pake panali posto administrativo yokhala ndi chefe de posto, ndipo pansi pa posto panali regedoria, dera la régulo kapena regedor, amene ankathandizidwa ndi ma cabo ndi mafumu a midzi.

Pa liwu loti régulo ndikupempheni musafulumire. Tanthauzo lake m'Chipwitikizi ndi kamfumu, ndipo unali udindo wa m'boma la atsamunda, wokhala ndi yunifolomu ndi malipiro, ntchito yake kutolera msonkho ndi kupereka anthu a ntchito. Ena mwa ma régulo analidi a m'banja lachifumu, ndipo ankayesetsa kutchinjiriza anthu awo pamene angathe. Ena anaikidwa chifukwa anali omasulira kapena asilikali okhulupirika, mfumu yeniyeni itachotsedwa kapena itathawira ku Nyasaland kapena ku Northern Rhodesia. Undi mwiniwakeyo anasamukira mbali ya Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930, n'chifukwa chake mafumu a Achewa a ku Tete mpaka lero amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia. Ndiye mukamasulira régulo kuti mfumu popanda kufunsa, mukhoza kulemba zimene zingadzutse mkangano wa ufumu m'mudzi. Ine ndimasiya liwulo momwe lilili, n'kulemba pambali zimene eni mudzi akunena za munthuyo ndi mzere wa kubadwa kwake.

Mawu otsala a nthawi imeneyi achikulire amawadziwa ndi thupi lawo. Cipaio anali msilikali wakuda wa ku ofesi ya administrador, amene anthu ankati msupayi. Palmatória, imene pakamwa pathu inasanduka mbalamatodya, chinali chithabwa chobowolabowola chomenyera m'manja. Chibalo inali ntchito yokakamiza, ya m'misewu, m'minda ya makampani ndi pa njanji. Mwamuna ankayenera kusonyeza kuti wagwira ntchito yolipidwa miyezi 6 pa chaka, apo ayi ankalembedwa kuti ndi vadio, mlesi woyendayenda, ngakhale nkhokwe zake zikhale zodzaza. Mudzaonanso contratado, wa kontalakiti, ndi voluntário, wodzipereka yekha. Mawu amenewa musawakhulupirire momwe alembedwera, chifukwa ambiri olembedwa choncho anachita kugwidwa usiku. Indígena silinali liwu longotanthauza mbadwa. Linali gulu la palamulo la munthu wosawerengedwa ngati nzika, woyenera kuyenda ndi caderneta, wosaloledwa kusamuka dera popanda chilolezo. Wofuna kutulukamo ankayenera kusonyeza kuti amalankhula bwino Chipwitikizi, wasiya miyambo ya makolo ndipo ali ndi ntchito yomupezetsa ndalama, kenako ankapatsidwa chikalata chotchedwa alvará n'kukhala assimilado. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, choncho chaka chimenechi muchiike m'mutu ngati malire: mapepala a pambuyo pake amasintha mawu ngakhale pamene zochitika sizinasinthe kwenikweni.

Pali liwu lina limene limasokoneza Achewa okha. Lipoti la administrador likati anachititsa banja ndi ma régulo, silikunena za mwamuna, mkazi ndi ana. Banja m'Chipwitikizi cha ku Mozambique ndi msonkhano wa akuluakulu a boma ndi mafumu, liwu lochokera ku zilankhulo za kumwera. Malipoti a misonkhano imeneyi ndi chuma, chifukwa ndi malo amodzi mwa ochepa pamene mafumu amalembedwa akudandaula okha za msonkho, mitengo ya mbewu ndi anthu othawa. Pa za moyo wa m'tauni, dziwaninso cantina, sitolo ya kumudzi imene mwini wake ankagulanso chimanga ndi nyemba kwa alimi, talhão, puloti yomangapo nyumba, ndi bairro indígena, dera la kunja kwa tauni kumene anthu akuda ankaloledwa kukhala.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula ku Tete kuyambira 1968, kunabwera aldeamento, mudzi wotchingidwa umene asilikali a Apwitikizi ankasonkhanitsiramo anthu mokakamiza kuti asathandize Frelimo. Musausokoneze ndi aldeia comunal, mudzi wa limodzi umene boma latsopano linakhazikitsa ufulu utabwera. Achikulire ena amatchula ziwirizi ndi dzina limodzi, ndiye muzifunsa kuti anawasamutsa anali ndani, mbendera inali ya mtundu wanji.

Za pambuyo pa 1975 ndidutsamo msanga poti zambiri munaziona. Ma régulo anachotsedwa, m'malo mwawo munalowa grupos dinamizadores, timagulu ta chipani toyendetsa madera, secretário do bairro, mlembi wa dera, chefe de quarteirão, mkulu wa kachigawo ka dera, ndi mkulu wa nyumba khumi. Woyenda ulendo ankafunika guia de marcha, chikalata chomuloleza kuyenda. Ma câmara anathetsedwa mu 1978 n'kubwera conselho executivo. Makhonsolo ovoteredwa, autarquias, anabwera ndi malamulo a 1997, ndipo chisankho choyamba chinachitika mu 1998 m'malo 33, kuphatikizapo Tete ndi Moatize. Ulónguè analowa m'gululi mu 2008. Lamulo la Decreto 15/2000 ndi limene linabwezeretsa mafumu pamaso pa boma pansi pa dzina la autoridades comunitárias. Mayina a madera a mumzinda wa Tete nawonso amaonetsa nthawi zimenezi: Josina Machel ndi Francisco Manyanga ndi a pambuyo pa ufulu, pamene Matundo ndi Chingodzi ndi mayina a eni nthaka.

Kokafufuza kulipo. Boletim Oficial, nyuzipepala ya boma imene inayamba mu 1854, ndi mmene munkalengezedwa kukhazikitsidwa kwa posto kapena vila iliyonse, ndi tsiku lake. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, pansi pa Universidade Eduardo Mondlane, kumene kuli malipoti a oyendera maofesi a boma otchedwa ISANI, amene amafotokoza circunscrição iliyonse ndi mayina a ma régulo ake. Kufupi ndi kwanu kuli mishoni ya Lifidzi, ndipo mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mamishoni amasunga mayina a midzi imene ina inatha kalekale. Pa mawu enieniwo, wansembe Victor Courtois anasindikiza madikishonale a Chinyungwe ndi Chipwitikizi mu 1899 ndi 1900, ndipo ansembe a Chijezwiti anatulutsa la Chinyanja ndi Chipwitikizi mu 1963. Ubwino wa madikishonale akalewa ndi woti amakuuzani zimene liwu linkatanthauza pa nthawi imeneyo.

Gulani kope lachikuto cholimba. Liwu lililonse mulipatse tsamba lake, ndipo mulembepo mmene lalembedwera pa pepala, chaka cha pepalalo, amene analemba, ndi mmene achikulire a kwanu amalitchulira komanso zimene amakumbukira. Pofunsa musaiwale agogo aakazi. Amuna adzakuuzani za ku Salisbury (Harare wa lero) ndi za kontalakiti, koma amene anatsala pakhomo ndi amene amadziwa mmene asupayi ankafikira pamudzi, zimene zinkachitika kwa mkazi amene mwamuna wake sanakhome msonkho, ndi mitengo ya ku cantina.

Tsamba loyamba la kopelo likhale la caderneta ya agogo anu. Yang'anani dzina la circunscrição ndi la posto, dzina la régulo ndi la mudzi, zidindo za msonkho chaka ndi chaka, ndi mayina a kumene anakagwira ntchito. Ngati pali chaka chopanda chidindo, kafunseni kumudzi kumene agogowo anali chaka chimenecho. Nthawi zambiri yankho limakhala kutsidya kwa malire, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia. Mukapeza zimenezo mundilemberenso, mutumize ndi zithunzi za masambawo, tidzawerengere limodzi zolemba za m'mphepete zimene mlembi wa ku posto ankafupikitsa.